Kuba nyumba ndi cholembera ku America, ndi pomwe inshulansi imalekezera

Mu December 2008, nyuzipepala ya New York Daily News inaba Empire State Building, nyumba yosanjikizana ka 102 imene nthawi imeneyo mtengo wake unali madola 2 biliyoni. Atolankhani analemba chikalata chonena kuti eni ake ayipereka kwa kampani ina yomwe kunalibe n'komwe, anadindapo chidindo chabodza, n'kukachisiya ku ofesi ya mzinda yolembetserako zikalata za malo. Pa mzere wa notary, munthu amene amachitira umboni kuti wosaina ndi mwiniwakedi, analembapo dzina la Willie Sutton, mbava yotchuka yothyola mabanki imene inamwalira mu 1980. Palibe anafunsa kanthu. Ntchito yonse inatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo atailemba nkhaniyo anaibweza nyumbayo kwa eni ake.

Wina angaganize kuti makalaliki a mu ofesiyo analandira ziphuphu kapena anali mtulo. Ayi ndithu. Iwo anagwira ntchito yawo monga momwe lamulo linawapatsira.

M'madera ambiri a ku America boma silitsimikizira kuti nyumba yakuti ndi ya uje. Limangosunga zikalata. Pafupifupi county iliyonse (dera longa boma kapena disitirikiti) ili ndi ofesi imene imalandira zikalata zogulitsirana malo, zopinyolitsa nyumba ku banki ndi zigamulo za makhoti. Kalaliki amayang'ana ngati malowo afotokozedwa bwino, ngati pali siginecha ndi chidindo cha notary, ndiponso ngati ndalama yolembetsera yalipidwa. Zikakwana amadinda tsiku ndi nthawi, basi chikalata chalowa. Zoti siginechayo ndi yeniyeni kapena wosainayo anaikidwa m'manda zaka khumi zapitazo, si zake. Umwini umadziwika polondola zikalata kubwerera m'mbuyo: uyu anagula kwa uyu, amene anagula kwa uje, amene anasiyiridwa ndi bambo ake. Chikalata chimodzi chikakhala chabodza, zonse zobwera pambuyo pake zimagwedezeka.

Maiko ena anasankha njira ina, imene Robert Torrens anayambitsa ku South Australia mu 1858. Kumeneko boma limasunga kaundula, ndipo dzina lolembedwa m'kaundulamo ndiye mwini. Kaundula akalakwitsa, boma limapereka chipukuta misozi. England imayendera njira yofanana ndi imeneyi, ndipo lamulo la ku Malawi la Registered Land Act la 1967 linatengera maganizo omwewa. America kwakukulu sinatsate zimenezi, n'chifukwa chake kumeneko kunamera bizinesi yaikulu ya inshulansi ya umwini wa nyumba, imene eni ake amati title insurance.

Wakuba nyumba safuna kugonamo. Amafuna ndalama, ndipo njira zake ndi ziwiri. Akhoza kulemba chikalata chosamutsira nyumbayo m'dzina lake kapena la kampani yake, kenako n'kuigulitsa kapena kukaiika chikole potenga ngongole yomwe sadzabweza. Apo ayi, salembetsa chilichonse poyamba, amangodzitcha mwininyumba. Amapangitsa chiphaso chabodza, amalankhula ndi ogulitsa malo pa imelo ndi pa foni, amati ali kunja kwa dziko ndipo akufuna ndalama mwachangu, mtengo n'kuutsitsa kuti wogula asachedwe ndi mafunso.

Njira yachiwiriyi ndi imene inachitika m'tauni ya Fairfield ku Connecticut. Dokotala wina wokhala ku New York anali ndi puloti yopanda kanthu kufupi ndi kwawo kumene anakulira. Mu 2023 mnzake anamuuza kuti pa puloti ija akumangapo. Atapita anapeza chinyumba cha zipinda zogona zinayi chitaima, chotsatsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Pulotiyo inali itagulitsidwa mu October 2022 pa madola 350,000, pogwiritsa ntchito chikalata chopatsa loya mphamvu zogulitsa, chimene chinkaonetsa ngati mwiniwakeyo anachisainira ku Johannesburg. Loya, ogulitsa malo ndi kampani yomanga imene inagula pulotiyo onse anachita zinthu ndi munthu amene sanamuonepo maso ndi maso.

Akathyaliwa sasankha mwachisawawa. Amakonda malo opanda nyumba, nyumba za lendi zimene eni ake amakhala kutali, nyumba zopanda ngongole ya banki, ndi nyumba za anthu omwalira. Yopanda ngongole imawakomera chifukwa palibe banki yoti iyambe yalipidwa kugulitsana kusanathe, ndiye palibenso wina wofunsa mafunso. Ya womwalira imawakomera koposa, chifukwa mwini dzina sangatuluke kudzakana. Ku Philadelphia, bungwe la Pew Charitable Trusts linapeza mu 2021 kuti nyumba zoposa 10,000 zinali ndi umwini wosokonekera, zambiri mwa izo zili m'dzina la munthu amene anamwalira kalekale pomwe ana ndi zidzukulu akukhalamo osasintha mapepala. Ku New York, ofesi ya Sheriff inalandira madandaulo pafupifupi 3,500 a kubedwa kwa nyumba pakati pa 2014 ndi 2023, oposa 1,500 ochokera ku Brooklyn kokha. Ambiri mwa oberedwawo ndi anthu akuda ndi okalamba amene anagula nyumba motchipa zaka makumi angapo zapitazo m'madera omwe lero mitengo inakwera koopsa.

Tsono lamulo limati chiyani nyumba ikabedwa motere? Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo otsatsa malonda amadyerapo. Chikalata chokhala ndi siginecha yabodza chilibe mphamvu kuyambira tsiku limene chinalembedwa. Sichisamutsa kanthu. Zili ngati mbuzi yobedwa: ngakhale mutaigula pa msika masanasana, mtengo wake wonse n'kulipira, mwini akaizindikira amaitenga, ndipo inu mumatsala ndi ntchito yosaka amene anakugulitsani. Khoti lalikulu la chigawo cha New York linatsindika mfundoyi mu 2015 pa mlandu wa Faison v. Lewis, pomwe linati ngakhale papite zaka zochuluka bwanji, munthu akhoza kukatsutsa chikalata chopeka. Choncho pa lamulo, mwininyumba amene anamupekera siginecha sanataye nyumba yake. Wotaya ndi wogula uja, kapena banki imene inabwereketsa ndalama.

Koma kukhala wolungama pa lamulo n'kwina, kuchotsa chikalata chabodza mu ofesi ya county n'kwinanso. Kalaliki amene analibe mphamvu yokana chikalatacho alibenso mphamvu yochifufuta. Pamafunika kukasuma, kupeza loya, mwina kulipiranso katswiri woyeza kalembedwe ka dzanja, n'kudikira woweruza kuti agamule. Miyezi imatha, nthawi zina zaka. Pa nthawi yonseyo nyumbayo simungaigulitse, simungatengere ngongole, ndipo banki imene inapusitsidwa ikhoza kukhala itayamba kale ndondomeko yoilanda.

Nkhani ya Graceland, nyumba ya woimba wotchuka malemu Elvis Presley ku Memphis, inaonetsa kusiyana kumene kumakhalapo munthu akakhala ndi maloya pafupi. Mu May 2024 munatuluka chidziwitso m'nyuzipepala choti nyumbayo igulitsidwa pa okushoni, ati chifukwa mwana wa Elvis, Lisa Marie Presley, amene anamwalira mu January 2023, anakongola madola 3.8 miliyoni ku kampani yotchedwa Naussany Investments n'kuika Graceland chikole. Mwana wa Lisa Marie, Riley Keough, anathamangira ku khoti. Notary amene dzina lake linali pa zikalatazo analumbira kuti sanakumanepo ndi Lisa Marie. Woweruza anaimitsa okushoniyo kutatsala tsiku limodzi. Mayi wa ku Missouri amene anakonza zonsezi anavomera mlandu, ndipo mu September 2025 analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 57. Graceland inapulumuka m'masiku ochepa chifukwa dziko lonse linali kuyang'ana. Gogo wa ku Brooklyn amene amadalira penshoni alibe mwayi umenewo.

Palinso mtundu wina wa kuba umene ndi woipa kuposa wa siginecha yabodza, ndipo kwa ine ndi umene uyenera kuopedwa kwambiri. Munthu watsalira pa ngongole ya nyumba kapena pa msonkho, banki yayamba kutumiza makalata, ndipo poti nkhani zotere zimalembedwa poyera, aliyense wofuna akhoza kudziwa kuti pakhomo pakuti zinthu zavuta. Kumabwera munthu wovala bwino, waulemu, mwina wolankhula ngati wa mpingo. Amati, "Agogo, musadandaule, ife timathandiza anthu ngati inu. Tikambirana ndi banki, ngongole itsike. Mungosaina apa, ndi apa, ndi apa." Pakati pa mapepala makumi atatu pali limodzi losamutsa nyumba. Ena amauzidwa poyera kuti nyumba ilowe kaye m'dzina la kampani kwa chaka chimodzi mpaka mbiri yawo ya ngongole ikonzeke, kenako idzabwerera. Siibwerera.

Pamenepa siginecha ndi yeniyeni, notary anaonadi munthuyo akusaina, ndipo lamulo limachiona chikalatacho mosiyana. Nthawi zambiri makhoti amati chikalata chotere chili ndi mphamvu kufikira khoti litachithetsa. Kathyali uja akafulumira kugulitsa nyumbayo kwa munthu wosalakwa, amene analipira mtengo woyenera osadziwa za chinyengocho, wogulayo akhoza kuisunga. Gogo amatsala ndi ufulu wosumira wakubayo, amene ndalama anadya kale kapena anathawa. Chigawo cha New York chinachita kusintha malamulo mu 2023 ndi 2024 kuti kuba kwa mtundu uwu kukhale mlandu waukulu wakuba pawokha, ndiponso kuti khoti lizitha kuimitsa kutulutsa munthu m'nyumba pomwe kafukufuku ali mkati.

Mafunso awiri ndiwo amagamula chilichonse: kodi linasaina ndi dzanja la ndani, ndipo chinyengocho chinachitika liti? Inshulansi ya umwini imamveka bwino mukaiyeza ndi mafunso amenewa.

Chiyambi chake chili ku Pennsylvania. Mu 1868 khoti lalikulu la chigawocho linagamula mlandu wa Watson v. Muirhead. Watson anagula malo atalemba ntchito Muirhead kuti afufuze zikalata. Muirhead anapeza chigamulo cha ngongole chokhudza malowo, anafunsa loya, loyayo n'kunena kuti chilibe mphamvu. Chinali nayo. Malowo anagulitsidwa kuti ngongole ibwezedwe, ndipo khoti linati Muirhead sanachite mosasamala, choncho salipira. Watson anangotsala manja ali m'khosi. Pennsylvania inakhazikitsa lamulo lololeza inshulansi yotere mu 1874, ndipo kampani yoyamba inatsegulidwa ku Philadelphia mu 1876.

Inshulansi imeneyi imayenda chammbuyo. Ya galimoto kapena ya moto mumalipira chaka ndi chaka poopa zimene zingachitike mawa. Iyi mumalipira kamodzi kokha, tsiku lomaliza kugula nyumba, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, ndipo imateteza ku zolakwika zimene zinachitika kale koma sizinaoneke. Kampani imayamba yafufuza zikalata zonse, n'kuuza wogulitsa kuti akonze zimene zapezeka, monga msonkho wosalipidwa kapena ngongole yakale imene sinafufutidwe. Zimene kafukufuku sangathe kuona ndi zomwe imalonjeza kusenza: siginecha yabodza ya zaka zapitazo, mwana wa malemu amene palibe ankamudziwa, mkazi amene mwamuna wake anagulitsa nyumba iye osavomereza, chikalata chimene kalaliki anachiika polakwika. Wina akadzabwera n'kunena kuti nyumbayo ndi yake, kampani imalipira maloya okuimirirani, ndipo mukagonja imakubwezerani ndalama mpaka pa mlingo wolembedwa m'panganolo. Chitetezochi chimakhalapo nthawi yonse imene nyumbayo ili m'manja mwanu kapena mwa olowa chuma chanu.

Mapangano ake ndi awiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Banki ikamakubwereketsani ndalama imakukakamizani kugula inshulansi yoteteza ngongole yake. Mumalipira ndinu, koma wotetezedwa ndi banki, ndipo chitetezocho chimachepa pamene ngongole ikuchepa mpaka kutheratu. Pangano loteteza mwininyumba ndi lapadera, ndipo palibe amakukakamizani. Munthu akhoza kuona mawu akuti title insurance pa mapepala ake ogulira nyumba n'kumagona tulo tabwino, osadziwa kuti ndalama zake zimene anapereka poyamba zilibe mlonda aliyense.

Tengani nkhani ngati ya ku Fairfield ija. Wogula amene wapusitsidwa ndi munthu wodzitcha mwini, ngati ali ndi pangano la mwininyumba, ali pabwino: chinyengo chinachitika pa nthawi yogula, ndipo siginecha yabodza ili m'gulu la zotetezedwa. Malo adzabweza, koma ndalama zogulira kampani idzamubwezera, ngakhale kuti zimene anawononga pomanga zikhoza kupitirira mlingo wa panganolo. Nanga mwini weniweni? Tinene kuti iye anagula malo ake mu 1995 ndi pangano wamba. Chinyengo chachitika mu 2022. Pangano wamba limayang'ana za m'mbuyo mwa tsiku limene linalembedwa, ndiye zimene zachitika pambuyo pake silikhudzidwa nazo. Munthu amene otsatsa malonda amamuopseza kwambiri, wokhala m'nyumba yake mwamtendere kwa zaka zambiri, ndi amene pangano wamba silimuthandiza pa kuba kwa lero.

Mpata umenewu unatsekedwako pang'ono. Bungwe la American Land Title Association, limene limalemba mapangano omwe makampani ambiri amagwiritsa ntchito, lili ndi pangano lina lotchedwa Homeowner's Policy. Ili limateteza ngakhale wina atapeka siginecha yanu kapena kudzitcha inu patapita zaka mutagula kale, ndipo mlingo wake umakwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zisanu zoyambirira. Mtengo wake ndi wokwererapo, si zigawo zonse zimene zimaloleza, ndipo ndi la nyumba zokhalamo anthu. Puloti yopanda kanthu, imene akathyali amaikonda kwambiri, silowamo. Chodandaulitsa n'chakuti pa tsiku logula nyumba, pomwe munthu akusaina mulu wa mapepala mutu uli pa makiyi, si kawirikawiri kuti wina amufotokozere kuti mapanganowa ndi osiyana. Amayenera kufunsa yekha.

Gogo uja amene anasaina ndi dzanja lake ndiye amagwa pakati. Mapangano onsewa ali ndi ndime yokana vuto limene wotetezedwayo analiyambitsa, kulilola kapena kulivomereza yekha. Kampani ikhoza kuloza siginecha yake n'kunena kuti palibe anapeka kanthu. Kuba kumene kumapweteka kwambiri osauka ndi okalamba ndi kumenenso inshulansi imakuthawa.

Mantha a anthu anaberekanso malonda ena. Pa wailesi ndi pa kanema ku America pamamveka makampani olonjeza "kukhoma" umwini wa nyumba yanu mukamalipira mwezi ndi mwezi. Mu August 2024 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linachenjeza poyera kuti zimenezi si inshulansi ndipo palibe chimene zimakhoma. Makampaniwa amangoyang'ana zikalata za ku county n'kukudziwitsani chikalata chatsopano chikalowa, kutanthauza kuti chinthucho chachitika kale. Kudziwa msanga n'kothandiza, sindikutsutsa, chifukwa mukadziwa wakubayo asanagulitse mumapewa mlandu wautali. Koma ntchito yomweyo maofesi ambiri a county amaigwira ulere. New York City ili ndi ndondomeko yotumiza uthenga chikalata chikalembetsedwa pa nyumba yanu, Philadelphia ili ndi yake yotchedwa Fraud Guard, ndipo Florida inalamula mu 2023 kuti ma county ake onse akhale ndi ndondomeko yotere. Kulembetsa kumatenga mphindi zochepa pa intaneti.

Inshulansi yeniyeniyonso ili ndi oitsutsa, ndipo sakulankhula zopanda pake. Ofesi yofufuza za ndalama za boma ya Government Accountability Office inapeza mu lipoti la 2007 kuti pa ndalama zonse zimene anthu amalipira, pafupifupi 5 peresenti yokha ndi imene imabwerera ngati malipiro kwa oluza, pomwe pafupifupi 70 peresenti imatsala m'manja mwa ma ejenti ogulitsa. Makampani amayankha kuti ndalama zambiri zimathera pa kufufuza ndi kukonza zikalata, ndipo kuchepa kwa madandaulo ndi umboni woti ntchitoyo ikugwirika. Mfundoyo ili ndi mutu, koma siyankha zonse. Gawo lalikulu la msika lili m'manja mwa magulu anayi akuluakulu, Fidelity National Financial, First American, Old Republic ndi Stewart, ndipo wogula nyumba nthawi zambiri sasankha yekha kampani, amangotsatira imene wamulozera wogulitsa nyumba kapena banki. Chigawo cha Iowa chinaletsa makampaniwa kugulitsa inshulansi yotere mu 1947, ndipo lero chili ndi ndondomeko ya boma yotchedwa Iowa Title Guaranty, pomwe loya amafufuza zikalata boma n'kutsimikizira pa mtengo wotsika kwambiri. Nyumba ku Iowa zikugulidwa ndi kugulitsidwa bwinobwino.

Ngakhale zili choncho, munthu wogula nyumba ku Texas, ku Indiana kapena ku Maryland alibe Iowa yake. Ine ndimaona kuti kukana pangano la mwininyumba pofuna kupulumutsa madola masauzande awiri, pa chinthu chimene mwaikapo ndalama za moyo wanu wonse, n'kutchova juga ndi zikalata zimene zinalembedwa inu musanabadwe. Mtengo ndi wofunika kukangana nawo, ndipo m'zigawo zimene boma siliika mtengo umodzi mukhoza kufunsa makampani angapo. Funso lofunika kwa loya kapena ejenti ndi lachindunji: kodi pangano ili likuteteza ine kapena banki, ndipo likunenapo chiyani wina akadzapeka siginecha yanga chaka chamawa?

Amene ali ku Britain asaganize kuti kaundula wa boma amatseka zonse. Mu August 2021 m'busa wina wa ku Luton, amene anali kugwira ntchito kumpoto kwa Wales, anaimbiridwa foni ndi anansi kuti m'nyumba mwake muli anthu. Atafika kiyi wake anakana kutsegula, katundu yense anali atachotsedwa, ndipo mmisiri anali pa ntchito mkatimo. Wina anali atapeza laisensi yoyendetsera galimoto m'dzina lake n'kugulitsa nyumbayo pa mapaundi 131,000, ndipo ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, HM Land Registry, inali italemba kale dzina la wogula. Poti kumeneko kaundula ndiye umwini, m'busayo anayenera kumenyera kuti kaundulayo akonzedwe, ndipo dzina lake linabwerera mu November 2023. Kusiyana ndi ku America n'kwakuti wotaya pa nkhani yotere akhoza kupempha chipukuta misozi ku Land Registry komweko popanda kukhala ndi inshulansi. Ofesiyo ili ndi ndondomeko yaulere ya Property Alert imene munthu angayang'anire nayo nyumba mpaka khumi, ngakhale za makolo ake okalamba, ndipo mwininyumba akhoza kuikitsa chiletso m'kaundula choti nyumbayo isagulitsidwe kapena kupinyolitsidwa loya asanatsimikize kuti wosainayo ndi mwiniwakedi.